Moni, Basela ndi Masamba Pamsewu: Malamulo Osalembedwa a ku Ntcheu

Pa Lizulu, m'boma la Ntcheu, munthu amatha kugula kabichi ku Malawi n'kukapeza chenji ku Mozambique, pasipoti ili kunyumba. Pamalo amenewa msewu wa M1 ndiwo malire a mayiko awiriwa: kum'mawa kwa phula ndi Malawi, kumadzulo ndi Mozambique. Malirewo anachokera pa pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la mu 1891, koma tsiku la msika likafika palibe amene amawalabadira. Amayi osenza madengu amawoloka uku ndi uku, chilankhulo n'chimodzi, ndipo ambiri ali ndi nyumba tsidya lino, amalume awo tsidya linalo.

Wolemba nkhani ino anakulira m'mphepete mwa msewu womwewu. Kuyambira ali mnyamata, akafika pamsika sathamangira kugula. Amapeza pokhala pakhonde la golosale n'kuyamba kuyang'ana anthu. Funso limene limamukhazika pamenepo ndi ili: kodi chikhamu chotere, cha anthu osadziwana, ogwira ndalama za mitundu iwiri, kwacha ndi metikali, apolisi ali owerengeka, chimatha bwanji kugulana, kupanikizana n'kubalalika madzulo mwamtendere? Yankho limene wakhala akulipeza n'lakuti pali malamulo amene sanalembedwe m'buku lililonse, koma mwana wa ku Ntcheu amawadziwa asanayambe sukulu. Malamulowo ndi amphamvu, ndi okoma, komanso ali ndi tsankho lawo.

Basi yochokera ku Lilongwe ikangoima pa Lizulu, mawindo onse amadzaza ndi katundu. Ndowa za mbatata ya kachewere, mitolo ya anyezi, kaloti, zitheba, tomato, nyengo yake mapichesi, zonse zili m'mwamba pamanja. Woyang'ana mwachidwi amasiya katunduyo n'kutchera khutu ku mayina amene akuuluka. Wa tayi ndi "bwana". Mayi wa magalasi ndi chikwama cha m'manja ndi "madamu". Wa chitenje ndi duku ndi "amayi". Mnyamata ndi "achimwene", wa imvi ndi "agogo" kapena "madala". Wogulitsa amayang'ana kamodzi kokha, nsapato sakuziona n'komwe poti mwini wake ali m'basi, koma wamuika kale munthuyo pamalo pake, ndipo mtengo umatsatira dzinalo. Ndowa imene "amayi" auzidwa mtengo wina, "bwana" amauzidwa wokwererapo. Palibe anakhazika pansi amalondawa kuwaphunzitsa za magulu a anthu, komabe amawerenga thumba la munthu pankhope ndi pakolala basi isanazime n'komwe.

Kenako kumabwera kunenerera.

"Ndowayi bwanji, mayi?"

Mtengo utchulidwa.

"Iii, chotsaniko. Ndife makasitomala anu a masiku onse."

"Ndaoda modula, bwana. Feteleza mukumudziwa mmene wakwerera."

"Chabwino, koma muikepo basela."

Onse awiri akudziwa kuti munthuyo si kasitomala wa masiku onse, ndiponso kuti mtengo woyamba uja unali woyambira nkhani. Akupatsana mpata wogwirizana popanda wina kuoneka wouma mtima kapena wopusa. Wogula wochenjera amapisa dzanja kunsi kwa ndowa kuti aone ngati sinapindidwire mkati, koma amatero akuseka, n'kunena kuti, "Ndingoona ngati ndowayi ili bwinobwino." Akanachita atakwinya nkhope, bwenzi atamutcha mayiyo wakuba pamaso pa anzake. Basela nayenso ali ndi ntchito yoposa mbatata zitatu zoikidwa pamwamba. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika: wogulitsa akuika, kuti ulendo wina basi ikadzaima maso a wogula adzafune nkhope yake.

Chimene chimamukhudza kwambiri wolembayu ndi mphindi imene basi yayamba kuyenda malonda asanathe. Mbatata yalowa kale pawindo, ndalama sinatuluke. Mwina ndalama yatuluka, chenji sichinabwere. Wokwera amaponya ndalama pansi kudzera pawindo, mnyamata amathamanga m'mbali mwa basi dzanja lili m'mwamba kuti abweze chenji, ndipo okwera ena amakuwira dalaivala kuti, "Taimani kaye, mwana wa eni sanalandire ndalama!" Anthu amenewa mwina sadzaonananso moyo wawo wonse. Akuba alipo, pa Lizulu monga pena paliponse, koma msikawu ukanafa kalekale chikhala kuti ambiri amathawa ndi za eni.

Zinthu zazing'ono zotere zili ndi akatswiri ake. Wodziwika kwambiri ndi Erving Goffman, katswiri wa za chikhalidwe cha anthu wobadwira ku Canada mu 1922. Kafukufuku amene anamutchukitsa anachitira kumudzi, pa chilumba china cha Shetland kumpoto kwa Scotland, kumene anakhala pakati pa alimi ang'onoang'ono n'kumaona mmene antchito a pahotela amasinthira nkhope ndi mawu akamachoka kukhitchini kupita kumene kuli alendo. M'buku lake la The Presentation of Self in Everyday Life, lomwe linafala kwambiri kuyambira mu 1959, anafotokoza kuti munthu aliyense pagulu ali ndi bwalo loonekera ndiponso kuseri kopumira. Pa Lizulu kuseriko kuli kumbuyo kwa matumba a mbatata. Basi ikapita, mayi uja amene amati "bwana" mofatsa amakhala pansi, amamasula mfundo ya chitenje kuwerenga ndalama, amayamwitsa mwana, n'kuyamba kuyeserera kalankhulidwe ka kasitomala wovuta, anzake ali kikiki. Amene amalimbirana windo limodzi posachedwapa tsopano akubwerekana chenji ndi kudyera mbale imodzi.

Mu 1963 Goffman analembanso za khalidwe la m'mizinda ikuluikulu, kumene anthu osadziwana akakumana amangoponyerana diso pang'ono n'kuyang'ana kumbali. Kwa iye kumenekonso ndi ulemu, njira youzira mnzako kuti wamuona, sukumukayikira, ndipo sufuna kumusokoneza. Apa m'pamene Ntcheu imasiyana ndi London kapena Johannesburg. Munthu akasiya phula n'kulowa njira ya kumudzi, kaya ya ku Gowa, ku Nsipe kapena ku Kandeu, kuyang'ana kumbali ndi mlandu. Wodutsa pakhomo pa eni amati "zikomo", mwina "wawa", ngakhale sakuwadziwa. Wopita mwakachetechete amasiya funso kumbuyo kwake: "Ameneyu ndi wa kwa yani?" Ofunsawo akufuna kudziwa makolo amene anamulera, poti manyazi ake ndi awo.

Pakhomo moni saperekedwa choimirira. Mlendo amaodira, amapatsidwa mpando kapena mphasa, amayamba wapuma, kenako eni nyumba amabwera mmodzimmodzi. Wamng'ono amagwada kapena kunyonyomala, dzanja lamanzere litagwira mkono wamanja, maso ali pansi. Munthu wamkulu satchulidwa dzina lake la paubwana. Amaitanidwa ndi chiwongo, a Maseko, a Ngozo, a Phiri, mayi n'kukhala NaPhiri kapena NaNgozo, apo ayi amatchedwa mayi a uje kapena bambo a uje. Moniyo amanyamulanso nkhani. "Tadzuka, kaya inu anzathu" kawirikawiri amatsatana ndi "koma mwanayu ndiye sanagone, thupi likutentha," kapena "kumunsi kuja mvula yakana." Dzuwa lisanafike pamutu mudzi wonse wadziwa pamene pali matenda, pamene pali njala ndi pamene pakufunika manja.

Mwambo umenewu uli ndi mbiri. Angoni a kwa Maseko, amene anachokera kummwera kwa Africa m'zaka za m'ma 1800, anakhazikika ku Domwe, komwe lero ndi Angonia ku Mozambique, n'kufalikira m'Ntcheu ndi m'Dedza. Ufumu wawo unakumana ndi zokhoma: Gomani Chikuse anaphedwa ndi asilikali a atsamunda mu 1896, ndipo Inkosi Philip Gomani II anachotsedwa pampando mu 1953 chifukwa chokana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Chilankhulo cha Chingoni chinazilala, Chichewa n'kutenga malo. Koma Margaret Read, mayi wa ku England amene anakhala pakati pa Angoni m'zaka za m'ma 1930, kuphatikizapo a kwa Gomani, anapeza kuti chimene makolo ankalimbikira kwambiri polera mwana ndi ulemu ndi kudzigwira pagulu: kudziwa pokhala, polankhula ndi potseka pakamwa. Anazilemba m'buku la Children of Their Fathers la mu 1959. Chaka ndi chaka mu Seputembala, pa Umhlangano wa Maseko ku Nkolimbo, ulemu umenewu umaoneka mokwana, amuna atavala zikopa ndi nthenga, khamu likufuula "Bayethe" kwa Inkosi ya Makhosi Gomani V. Masiku ena onse a chaka amene amausunga ndi anthu ngati mtsikana amene amapinda mawondo, ndowa ili pamutu, popereka moni kwa agogo panjira.

Mphamvu ya malamulo amenewa inaoneka pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique. M'zaka za m'ma 1980 anthu ochokera ku Angonia ndi ku Tsangano anawoloka msewu ana ali kumsana, mpaka Malawi inasunga othawa nkhondo oposa 1 miliyoni, ndipo Ntcheu inali m'gulu la maboma amene analandira ambiri. Mabungwe anabwera ndi ufa, nyemba ndi mabulangete. Koma mabungwewo asanafike, wothawa ankayamba waodira pakhomo n'kutchula chiwongo chake ndi mfumu ya kwawo. Wa Phiri ankapeza a Phiri anzake, mphasa n'kuyalidwa. Mikangano inalipo, ya nkhuni, ya malo ndi ya madzi, koma mbali zonse ziwiri zinkadziwa kale kakambidwe ka mlandu. Pangano la mtendere litasainidwa ku Rome mu Okutobala 1992 ambiri anabwerera kwawo, ndipo ena mwa iwo, kapena ana awo, ndi amene lero amabweretsa mbatata kumsika.

Malamulo a kumudzi ndi a m'tauni amagundana m'minibasi. Pa depoti ya pa boma la Ntcheu anyamata oitanira amakuwa "Balaka! Manjawira! Awiri otsala!" ngakhale galimoto ili theka. Mkatimo anthu amene kumudzi sakanayandikana n'komwe akhala mawondo atagundana, phewa pa phewa. Mwambo umati mkamwini akakumana ndi apongozi ake aakazi panjira apatuke, anyonyomale chapatali, alankhulane osayang'anana. Wolembayu anaonapo awiri otere atapezana m'minibasi imodzi. Panalibe anafotokoza kanthu mokweza. Mnyamatayo ananong'oneza kondakitala, bambo wina wa kutsogolo anatsika n'kusinthana naye malo, ndipo ulendo wonse mkamwiniyo anayang'ana kutsogolo khosi lili gwa. Pofika potsikira anali atawalipirira kale apongoziwo kudzera mwa kondakitala yemweyo.

M'minibasi ndi mmene khalidwe la m'mizinda lija limapezeka: maso pawindo kapena pafoni, ngati woyandikana naye palibe. Komabe silikhalitsa. Mayi wa ana awiri amangotula mmodzi pamiyendo ya munthu amene sanamuonepo n'kuti "Tandigwirireniko," ndipo palibe amakana. Ndalama ya wa kumbuyo imadutsa m'manja angapo isanafike kwa kondakitala, chenji n'kubwerera njira yomweyo chosapunguka. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo yokwerera inakwera, ndipo masiku amenewo okwera osadziwana ankasanduka gulu limodzi polimbana ndi kondakitala, wina kuyamba, wina kuthira ndemanga, agogo a kumbuyo kumaliza mlandu. Ngakhale pa Chingeni, pamene kuyambira mu Novembala 2021 magalimoto amalipira pageti, malo amene anamangidwira kupereka ndalama ndi kulandira lisiti basi, madalaivala ambiri amayambabe ndi "Mwaswera bwanji?"

Pamjigo lamulo n'lakuti ndowa imagwirira mwini wake malo. Mayi amaika ndowa pamzere n'kubwerera kukatereka phala, ndipo akabwera amapeza anzake aisunthira kutsogolo. Wolumpha mzere mwina sakalipiridwa pomwepo, koma nkhani yake imakafika kuchigayo iye asanafike kunyumba. Pachiwaya napo pali dongosolo lake. Mphunzitsi, wa kabaza ndi wamalonda amaimirira mozungulira tchipisi chawo mofanana, ndipo wodziwika akadutsa ayenera kuuzidwa kuti "Tiyeni tidye." Iye ayenera kuyankha "Zikomo" n'kupitirira. Wosaitana amatchedwa womana, wovomera msanga amatchedwa wosusuka.

Koma palibe chimene chimalamula anthu pagulu ngati masamba aawisi oyalidwa pamsewu. Nthambi zingapo zikaikidwa chopingasa, aliyense wadziwa kuti pafupi pagwa zovuta. Wa njinga amatsika n'kuikankha. Wa njinga yamoto amachepetsa liwiro, abambo amavula zipewa, wailesi imazimitsidwa, ndipo ngakhale dalaivala wa thiraki wochokera kutali, amene sadziwa womwalirayo, amaponda buleki. Pamaliropo abambo amakhala mbali yawo, amayi pansi kufupi ndi siwa. Adzukulu, amene masiku ena ndi anyamata wamba ogwira maganyu, tsiku limenelo ndiwo eni manda, ndipo ngakhale wobwera pa galimoto yodula amadikira mawu awo. Chipepeso chimawerengedwa mokweza, mudzi ndi mudzi, mpingo ndi mpingo, kuti aliyense amve amene wabwera ndi amene wasowa. Wojomba maliro a anzake amadziwa kuti tsiku la kwake likadzafika makasu adzachedwa.

Mliri wa Covid-19 utafika m'dziko muno mu Epulo 2020, azaumoyo analetsa kugwirana chanza. M'midzi imene wolembayu anayendamo anthu anangobwerera ku kuomba m'manja chapatali, kumene agogo awo ankachita kale, achinyamata n'kumagunditsa zigongono. Kaperekedwe kanasintha, udindo woonetsa kuti wamuona mnzako unatsala pomwepo.

Wolembayu amawakonda malamulo amenewa, n'chifukwa chake zimamupweteka kuona pamene amathera. Ulemu wa ku Ntcheu, monga wa m'Malawi monse, umakwera phiri mothamanga koma potsika umachita ulesi. Mwana wogulitsa mazira owiritsa pa depoti amapereka "bwana" kwa aliyense tsiku lonse, iye n'kumaitanidwa ndi mluzu kapena "iwe". Palibe amamufunsa kuti wadzuka bwanji, ngakhale chifukwa chimene sali kusukulu. Pachipatala china wolembayu anaona mayi amene ananyamuka kwawo tambala woyamba, mwana ali kumsana, akudutsidwa pamzere ndi bambo wa jekete amene anangofika n'kugwirana chanza ndi wa pakhomo. Mzere wonse unaona ndipo unakhala chete, poti ulemu womwewo unawaphunzitsa kuti munthu wooneka wamkulu safunsidwa. Pamsonkhano wa chitukuko mipando imapita kwa abambo, amayi amene amatunga pamjigo umene ukukambidwawo ali pansi kumbuyo, ndipo pofika popatsidwa mpata wolankhula nthawi imakhala yatha. Munthu wodwala misala amadutsa msika wonse osalandira moni. Wachialubino amamva mayina achipongwe kuchokera kwa ana amene makolo awo ali pomwepo osawadzudzula.

Atsikana ndiwo amasenza katundu wolemera. Lamulo la mu 1973 loletsa amayi kuvala mathalauzi ndi masiketi aafupi linathetsedwa pamene dziko linkalowa m'ndale za zipani zambiri, komabe mu Januwale 2012 mavenda ena ku Lilongwe ndi ku Blantyre anavula amayi pagulu chifukwa cha zovala. Mtsikana wodutsa pa depoti lero amadziwabe kuti miluzu ndi mawu otukwana zikhoza kumutsatira, ndipo ambiri amayenda ndi chitenje m'chikwama kuti avale pofika pamalo otere. Omukuwizawo amati akuteteza chikhalidwe. Chikhalidwe chimene Margaret Read anachipeza kwa Gomani chinkayambira pa kudzigwira pakamwa, ndipo mnyamata wotukwana mwana wa eni pagulu ndiye woyamba kuchiphwanya.

Akuluakulu ambiri amadandaula kuti ana a masiku ano, ndi timawaya tawo ta m'makutu, amadutsa osapereka moni. Dandaulolo n'lomveka. Koma woyang'ana kwa nthawi yaitali amaona kuti achinyamata omwewo amatsika njinga akaona masamba, amanyamula mwana wa mlendo m'minibasi, amathamangira basi ndi chenji cha eni. Mwambo udakalipo. Chilema chake n'chakalekale: umateteza kwambiri nkhope ya wamkulu, ndipo wamng'ono, wosauka ndi wamkazi amapereka ulemu wambiri n'kulandira wochepa.

Malinga ndi kalembera wa mu 2018, boma la Ntcheu lili ndi anthu oposa 650,000, ambiri mwa iwo ana ndi achinyamata. Amenewa akuphunzira kakhalidwe ka pagulu lero lino poona mmene akuluakulu amawaitanira iwowo. Ophunzira za chikhalidwe cha anthu ku Yunivesite ya Malawi ku Zomba angachite bwino kudzakhala pa Kampepuza, pa Mlangeni kapena pa Tsangano Turn-off ndi kope m'manja, kuti moyo umenewu ulembedwe ndi ana a kuno komwe. Mafumu akamalimbikitsa anthu kusunga mwambo, pa Umhlangano ndi m'mabwalo a milandu, atchulenso za ulemu wopita kwa mwana, kwa mayi ndi kwa wodwala. Aphunzitsi, abusa ndi atsogoleri a misika ndi madepoti ali ndi mawu amene anyamata amawamvera, awagwiritse ntchito.

Ndipo inu owerenga, mukadzaima pa depoti mwana wa mazira n'kufika pafupi, yambani mwamupatsa moni, mumutchule "inu", kenako mufunse mtengo.